Ntchito Inapita kwa Taonga

Chizindikiro choyamba chinali kuthina pachifuwa. Kunkabwera m'mawa, nthawi imene maminibasi a kwathu kuno ku Twapia amayamba kuliza mahutala kuitana anthu opita kuntchito m'tauni. Ndinkadzuka bwinobwino, koma ndikangomva phokosolo pachifuwa pankakhala ngati pamangidwa lamba, ndipo mpweya sunkafika pansi. Pofika cha m'ma 9, msewu utakhala zii, zinkatha zokha. Unali mwezi wa August, wa mphepo ndi fumbi, choncho amayi anati ndi chifuwa chabe, n'kundiwiritsira mandimu. Inenso ndinakhulupirira zomwezo.

Dzina langa ndine Lameki. Makolo anga kwawo ndi ku Katete, koma ine ndinabadwira kuno ku migodi. Atate anagwira ntchito mumgodi ku Kitwe mpaka pamene anachotsedwa pamodzi ndi anzawo ambiri. Kenako tinasamukira ku Ndola, kumene mpaka lero amawotcherera mafelemu a zitseko ndi mawindo pansi pa chisakasa kuseri kwa nyumba. M'banja mwathu ndine woyamba kufika ku yunivesite. Ndinaphunzira ku Kitwe, ku Riverside, za kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu wa makampani.

Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Taonga. Tinali m'kalasi imodzi, tinkawerengera pamodzi, ndipo pomaliza maphunziro aliyense ankadziwa kuti tidzakwatirana. Iye ankakhala kwa azakhali ake m'dera la Chimwemwe, komweko ku Kitwe. Kwawo ndi Akatolika, kwathu ndi a mpingo wina, koma akuluakulu a mbali zonse anali atagwirizana kale kuti zimenezo sizovuta. Chimene chinkadikiridwa ndi chakuti ine ndipeze ntchito, ndiyeno amalume apite kukaonekera kwawo.

Mu May ndinaona chilengezo chakuti kampani ina ya ku Kitwe, yogulitsa zipangizo za m'migodi, ikufuna munthu mmodzi wa maphunziro athu. Ndine ndinamutumizira Taonga chilengezocho. Tonse tinaitanidwa ku intavyu. Tinakonzekera pamodzi, ine ndikumufunsa mafunso, iye akuyankha, kenako n'kusinthana. Tinakhala pabenchi imodzi podikira. Patapita masiku, foni inalira kwa iye, osati kwa ine.

Anandiimbira akulira ndi chimwemwe. Ndinamuyamikira, ndipo mawu onse oyenera ndinawanena. Nditadula foni ndinakhala pachitsulo china kuchisakasa kwa atate. Ndinkadziuza kuti ntchito yalowa m'nyumba yathu yomwe, palibe chotayika. Koma m'mutu munkangobwera funso limodzi: m'kalasi amene ankakhoza bwino ndinali ine, nanga iwo aja anaona chiyani mwa iye chimene sanachione mwa ine?

Kuyambira pamenepo chilichonse cha Taonga chinayamba kundibaya. Ankabwera kudzandiona Loweruka atavala nsapato zachitsulo kutsogolo zimene anapatsidwa kuntchito, ndipo maso anga ankangokhala pansapatozo. Akanena kuti "kuntchito kwathu", ndinkasintha nkhani msanga. Atalandira malipiro oyamba anandigulira shati yabuluu. Ndinathokoza, n'kukaiika pansi pa zovala zina, osaivala. Panali mnzake wina wa kuntchito, a Chanda, amene nthawi zina ankamutengako pagalimoto pobwerera ku Chimwemwe. Munthuyo sindinamuonepo ndi maso, koma ndinkamudziwa nkhope chifukwa ndinkakhalira kukulitsa zithunzi zimene Taonga ankaika pafoni, kuona amene waima pafupi naye ndi kumene dzanja lake lili.

Pofika mu September zizindikiro zinachuluka. Chakudya sichinkalowa. Ndikadya pang'ono ndinkangogeya, ndipo m'mimba munkatsegula popanda chifukwa. Tulo tinkabwera mochedwa n'kutha msanga. Manja ankanjenjemera moti atate atandiuza kuti ndiwagwirire chitsulo powotcherera, anachita kundifunsa ngati ndayamba kumwa mowa. Mathalauza anayamba kundikulira. Kutchalitchi, pa nthawi ya zolengeza, akamatchula mwana wa wina amene wapeza ntchito ndipo anthu akuwomba m'manja, ndinkatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi. Amayi ena ankafunsa amayi anga pakhomo la tchalitchi kuti, "Nanga wa digiri uja zili pati?" Ankafunsa mwachikondi, koma ine ndinkamva ngati andivula pagulu.

Mu October ndinaitanidwa ku intavyu ina konkuno ku Ndola. Ndinafika nthawi yabwino, n'kukhala m'khonde pamodzi ndi anyamata ndi atsikana ena. Ndikuwayang'ana, aliyense ankaoneka woyenera ntchitoyo kuposa ine. Mtima unayamba kugunda mpaka m'makutu, thukuta linanyowetsa msana, ndipo ndinaona ngati khondelo likuchepa. Ndinaimirira n'kutuluka dzina langa lisanaitanidwe. Kunyumba ndinangoti sizinayende bwino. Palibe amene anafunsa zambiri.

Tsiku loipitsitsa linali Lamlungu lina mu November, mvula yoyamba itagwa. Ndinapita ku Chimwemwe kukadya chamasana kwa azakhali a Taonga. Tili pakati pa kudya, azakhaliwo anati, "A Lameki, mwamuyamikira mnzanuyu? Amulemba ntchito yokhazikika tsopano, ndipo chaka chamawa akumutumiza kukaphunzira kunja kwa dziko."

Taonga anayang'ana m'mbale. Ndinazindikira kuti nkhaniyi inali yakale, ndipo aliyense m'nyumbamo ankaidziwa kupatula ine.

Pondiperekeza kokwerera basi ndinamufunsa chifukwa chake anandibisira. Anati ankafuna nthawi yabwino yondiuzira. Pamenepo ndinanena mawu amene sindikanayenera kunena. Ndinati, "Miyezi yochepa yomweyi akutumiza kale kunja? A Chanda akukuthandiza kwambiri, eti? Umawalipira chiyani?"

Anaima pamsewu n'kundiyang'ana. Sanakalipe. Anangoti, "Lameki, pita kwanu. Usandiimbire." Anatembenuka n'kubwerera.

Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenako basi ya ku Ndola. Titayenda ndithu, pachifuwa panathina kuposa kale lonse. Mtima unathamanga, milomo ndi zala zinachita dzanzi, ndipo dzanja lamanzere linalemera. Ndinatsimikiza kuti ndikufa. Ndinakuwa kuti basi iime. Kondakitala ankaganiza kuti ndaledzera, koma mayi wina amene anakhala pafupi nane anamukalipira m'Chibemba, n'kutsegula windo, n'kutenga foni yanga kuimbira mlongo wanga wamkulu, a Naomi, amene amasoka mayunifomu a ana a sukulu konkuno ku Ndola. Basi itafika, a Naomi anali akudikira kale, ndipo anandipititsa kukiliniki.

Kukiliniki anandiyeza kuthamanga kwa magazi, malungo ndi shuga. Pomwe ankamaliza, mtima unali utakhazikika wokha, ndipo ndinachita manyazi ngati munthu wonamizira. Anesi anati popeza ndatchula chifuwa ndi dzanja, ndipite kuchipatala chachikulu akaone mtima.

Tinapita m'mawa mwake. Amene anapitako kuchipatala chachikulu akudziwa mmene zimakhalira. Umayamba pamzere wa makadi, kuchoka apo pamzere woyezetsa thupi, kenako pabenchi yodikira adokotala, kumasendera pang'onopang'ono munthu akalowa. A Naomi ananyamula nsalu yawo n'kumasokerera mabatani tili pabenchipo. Ananditenga magazi, anandijambula pachifuwa, ndipo tsiku lina anandigoneka pabedi n'kundimata timawaya toona kagundidwe ka mtima. Zotsatira zonse zitatuluka, adokotala, bambo wachikulire wolankhula pang'onopang'ono, anandifunsa mmene ndimagonera, zimene ndimachita masana, ndiponso ngati ndinaganizapo zodzivulaza. Ndinayankha kuti zodzivulaza ayi, koma nthawi zina ndimalakalaka kusadzuka. Anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Mtima wanu uli bwino. Chimene chikukuvutani ndi matenda a nkhawa. Zimene zinakuchitikirani m'basi zimaopsa koma sizipha. Matendawa amachizika, ndipo mwachedwa kale kubwera."

Ndinakwiya. Ndinkafuna andipeze ndi matenda a mtima, chifukwa amenewo munthu amatha kuwatchula kutchalitchi anthu n'kumumvera chisoni. Nkhawa ndinkaiona ngati dzina laulemu la ulesi ndi mantha. Atandiuza kuti ndikaonane ndi a chigawo cha matenda a maganizo, ndinati sindipita. Kunyumbanso nkhaniyi sinalandiridwe bwino. Amayi ankaopa kuti akwawo kwa Taonga akamva adzati ndapenga. Atate anaitana akulu a mpingo awiri kudzandipempherera, ndipo ndikuthokoza kuti anabwera. Mmodzi wa iwo, pochoka, anauza atate kuti pemphero sililetsa munthu kupita kuchipatala. A Naomi ndiwo anamaliza nkhani. Anati, "Iwe, ndinakuona mmene unalili potsika basi ija. Lachinayi ndikubwera kudzakutenga, uvale usavale."

Chigawocho chili kumbuyo kwa chipatala. Tsiku loyamba ndinavala chipewa n'kuchitsitsa kumaso kuti wondidziwa asandione. Pabenchi ndinapeza anthu wamba: mayi wobereka mwana, bambo wovala yunifomu ya ulonda, mtsikana wa sukulu ndi amayi ake. Palibe amene ankayang'ana mnzake. Anandipatsa mapiritsi omwa kamodzi patsiku, n'kundichenjeza kuti sagwira msanga ndipo masabata oyamba akhoza kundipatsa nseru. Zinaterodi. Ndinkachita nseru, kuyasamula kosatha ndi kuuma m'kamwa, ndipo ndinkaona ngati palibe chikusintha. Anandilemberanso masiku okaonana ndi alangizi, mayi wina wodekha amene ankandilandira m'kachipinda ka mipando iwiri ndi windo limodzi.

Poyamba alangiziwo anandifotokozera zimene zimachitika m'thupi mantha akabuka: kuti thupi limakonzekera kuthawa ngozi ngakhale ngoziyo palibe, ndipo kupuma mofulumira ndi kumene kumabweretsa dzanzi. Anandiphunzitsa kupuma pang'onopang'ono, kutulutsa mpweya nthawi yaitali kuposa kuukoka. Anandiuza kuti ndisathawe mabasi, chifukwa kuyambira tsiku lija ndinali nditasiya kukwera. Ndinayamba ndi kukaima pa siteji osakwera. Kenako ndinakwera kamtunda kakafupi ndili ndi a Naomi, kenako ndekha mpaka m'tauni. Anandiuzanso kuti m'mawa ndisamadikire mahutala ndili pabedi, koma ndizidzuka, kusamba, kuvala, n'kupita kukathandiza atate ngati munthu wopita kuntchito, ndipo makalata ofunsira ntchito ndizilemba masana pa nthawi imodzi yokha, osati tsiku lonse.

Zimenezi zinathandiza thupi, koma za Taonga sindinkazitchula. Ndi alangiziwo tinkalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chibemba, monga timachitira ambiri kuno tikatuluka panyumba, ndipo ine ndinkazungulira ndi mawu akuluakulu a kusowa kwa ntchito m'dziko. Tsiku lina anandifunsa chimene chinachitika ndisanakwere basi ija. Ndinafotokoza mwachidule. Anandifunsa m'Chinyanja, koyamba, kuti, "Pamene azakhali aja ananena nkhaniyo, munamva chiyani?"

Ndinati, "Nsanje."

Ndinali ndisanawatchulepo mawu amenewa ngakhale kwa ine ndekha. Ndinkadziwa kuti mwamuna amachitira nsanje mkazi wake chifukwa cha mwamuna wina, ndipo ndi chifukwa chake ndinakakamira pa a Chanda. Koma kuchitira nsanje nsapato za munthu amene umamukonda, khadi lake la kuntchito, kutopa kwake kwa madzulo, zimenezo ndinkaziona zonyansa kwambiri moti sindikanazivomera. Ndinalira m'kachipindamo. Alangiziwo sanandidzudzule ndipo sanandiuze kuti palibe cholakwa. Anati, "Nsanje imabwera kwa munthu aliyense, ndipo imaloza chimene mukuchifuna ndi chimene mukuopa. Kuimva si mlandu. Koma mawu amene munamunenera ndi anu, ndipo mudzafunika kuwasenza."

Masabata otsatira tinkakambirana za mantha amene anali pansi pa nsanjeyo. Ndinkaopa kuti atate anawotcherera zitsulo zaka zonsezi kulipirira munthu wopanda pake. Ndinkaopa kudzakhala mwamuna wodyetsedwa ndi mkazi. Ndinkakhulupirira kuti ntchito ija inali yanga ndipo inalandidwa, ngakhale kuti palibe amene anandilonjeza. Alangizi ankandifunsa umboni wa ganizo lililonse, ndipo nthawi zambiri ndinkapeza kuti ndilibe. Anandipempha kuti ndisiye kuyang'ana zithunzi za Taonga ndi za anzathu a m'kalasi. Chimenechi chinandivuta kuposa kukwera basi.

Mu February ndinabwerera m'mbuyo. Ndinali nditayamba kudya ndi kugona bwino, choncho ndinaganiza kuti ndachira, n'kusiya mapiritsi osafunsa. Sabata yomweyo mnzathu wina ananditumizira chithunzi cha Taonga ali pabwalo la ndege ndi chikwama, akupita kumaphunziro aja. Ndinachiyang'ana tsiku lonse. Chizungulire chinayamba, m'mutu munkachita ngati mukudutsa magetsi, ndipo kuthina pachifuwa kunabwerera. Nditapita kuchipatala anesi anandiuza mosabisa kuti, "Mankhwala awa sasiyidwa mwadzidzidzi. Tsiku lowasiya tidzakuuzani ndife, ndipo tidzachepetsa pang'onopang'ono." Ndinayambiranso.

Taonga atabwerako ndinamutumizira uthenga wopempha kuti tionane, ndipo anavomera. Ndinakwera basi ya ku Kitwe ndekha. Tinakumana masana pamalo ena odyera m'tauni. Ndinamuuza za matenda anga, koma ndinasamala kuti ndisawasandutse chobisalira. Ndinati mawu aja anali abodza ndi achipongwe, ndipo chimene chinandilankhulitsa ndi nsanje pa ntchito yake. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

Kenako anati, "Ndinkadziwa kalekale. Ndinkaona nkhope yako ndikamakamba za kuntchito. Ndinayamba kusankha zokuuza. Chinthu chabwino chikandichitikira, m'malo mosangalala ndinkayamba kuganiza kuti Lameki achimva bwanji. Ndinatopa nazo. Ndakukhululukira, ndipo ndasangalala kuti ukulandira thandizo. Koma zokwatirana, ine ayi."

Ndinamupempha kuti aganizirenso. Anapukusa mutu. Anati ukanakhala mkwiyo wa tsiku limodzi akanapirira, koma sangakhale m'nyumba imene ayenera kubisa chimwemwe chake. Tinatsanzikana mwaulemu. M'basi pobwerera ndinalira, nkhope nditalozetsa kuwindo. Pachifuwa panayamba kuthina, ndinapuma monga anandiphunzitsira, ndipo panamasuka. Ndinafika ku Ndola ndili wachisoni kwambiri, koma ndinafika ndekha, osaimitsa basi.

Miyezi yotsatira sinali yophweka. Amayi anadandaula kwambiri, chifukwa Taonga ankamukonda. Ine ndinapitiriza kuonana ndi alangizi, poyamba pafupipafupi, kenako mwa apo ndi apo. Ndinapita ku maintavyu ena. Ku ina ndinanjenjemera mawu, koma ndinakhala mpaka mapeto. Sanandilembe. Ku inanso sanandilembe. Pambuyo pake sitolo ina yaikulu ya zipangizo zomangira konkuno ku Ndola inandilemba ntchito ya kontirakiti yoyang'anira katundu wolowa ndi wotuluka. Si ntchito imene ndinkailota ndili ku Riverside, ndipo sindikudziwa ngati kontirakitiyo adzaiwonjezera ikatha. Kusadziwako kumandivutitsabe, koma sikundiletsanso kudya.

Lero thupi langa labwerera. Mapiritsi anandichepetsera pang'onopang'ono mpaka ndinasiya, ndipo kuchipatala ndimapitako pa masiku amene andilembera kuti akandione. Kuthina pachifuwa kumabwera nthawi zina, makamaka ndikatopa, koma ndimakudziwa ndipo sikundiopsanso. Nsanje nayo sinatheretu. Posachedwapa ndinamva kuti Taonga akukonzekera ukwati ndi munthu wina wa kutchalitchi kwawo, ndiponso kuti anakwezedwa pantchito. Zonse ziwiri zinandipweteka, ndipo kunena zoona sindikudziwa chimene chinapweteka kwambiri. Ndinauza a Naomi tsiku lomwelo, ndinakauzanso alangizi, ndipo Lolemba ndinapita kuntchito.

Ndalemba izi chifukwa cha anzanga amene anamaliza maphunziro ndipo akukhala pakhomo, akuona anzawo akupita patsogolo. Ngati chakudya chasiya kulowa, tulo tasowa, mtima ukuthamanga popanda chifukwa, kapena uthenga wabwino wa mnzanu ukukudwalitsani, pitani kukiliniki mukanene zonse, za thupi ndi za mumtima zomwe. Musadikire kuti mugwe m'basi. Thandizo lilipo m'zipatala zathu zomwezi, ndipo pabenchi paja palibe amene adzakusekeni. Adokotala anandibwezera tulo ndi mpweya, alangizi anandithandiza kuyang'ana chimene ndinkachithawa. Koma mawu amene ndinanena pamsewu wa ku Chimwemwe palibe chipatala chimene chikanawabweza. Pitani matenda asanakulankhulitseni.